Kwawo kwa a Maliwichi Kuli M'disiki

Pamene mlonda ankabwera kudzamuuza kuti pageti pali mlendo, Hezekiah Kamwendo anali atayatsa ndi kuzimitsa kompyuta ya fakitale kasanu ndi kawiri. Ulendo uliwonse inkangolira pang'ono, n'kulemba kamzere kachingerezi konena kuti sikupeza poyambira, basi n'kukhala duu.

Pageti anapeza Rozina, mwana wa a Jasper Maliwichi a ku Zengeza 3 kufupi ndi Harare, atafunda chitenje, maso ali psuu.

"Baba vatisiya, sekuru," anatero Rozina. Chichewa ankachimva bwinobwino, koma monga ana ambiri obadwira kuno, pakamwa pankatuluka Chishona. Bambo ake anali atamwalira dzulo lake kuchipatala. Akuluakulu a sosaiti ya maliro ndiwo anamutuma kuti akatenge keyala ya kwawo kwa malemuwo, chifukwa lamulo la sosaiti linali lakuti munthu saikidwa m'manda telegalamu isanapite ku Malawi.

"Pitani, mwanangu. Ndibwera nayo ndikaweruka," anayankha Hezekiah.

A Maliwichi anabwera wapansi m'chaka cha 1951 ndipo sanabwerereko. Anali mtchona weniweni. Akazi awo anatsogola kale, ndipo ana akafunsa za kwawo ankangoyankhidwa kuti, "Kutali." Munthu yekha amene anawafinya mpaka kutchula mudzi anali Hezekiah, mlembi wa sosaitiyo. Iyeyu, ataona kuti chiswe chayamba kudya buku la mayina, analemba anthu onse mazana atatu m'kompyuta ya kuntchito, mobisa, nthawi ya nkhomaliro. Buku lija akazi ake anayatsira mbaula. Kusindikiza sanasindikize, pakuti a Gwenzi, manijala wa fakitaleyo, ankatsekera riboni ya pirinta m'kabati ngati shuga wa alendo.

Disiki ya kompyutayo inali yogawidwa pawiri. Mbali yaikulu inali ya Xenix, mmene munkakhala maoda onse a mafelemu a zitseko ndi mawindo. Mbali yaing'ono inali ya DOS, yolembera makalata, ndipo anthu a Hezekiah ankakhala mmenemo ngati aloja. Lolemba madzulo, malo atamuchepera, Hezekiah anatsekula pulogalamu yoika malire kuti adyereko pang'ono kwa mnansi. Anafufuta mzere wolakwika. Pofuna kukonza anafufutanso wachiwiri. Mwamwayi kapena mwatsoka, tsikulo kunagwa mvula yamabingu, ndiye Lachiwiri m'mawa a Gwenzi atafunsa, iye anangoloza kumwamba.

"Mphezi, bwana."

Lero linali Lachitatu, malole awiri ataima pabwalo osadziwa katundu woti anyamule. Cha m'ma teni anafika wokonza makompyuta kuchokera ku Harare, mtsikana wamfupi wotchedwa Anastasia, atanyamula kachikwama ka mafulopi. Atamva dzina loti Kamwendo anamwetulira, nati agogo akenso anachokera ku Ntcheu, koma zonsezo anazinena m'Chishona.

Analowetsa fulopi yake, kompyuta n'kudzuka. Anayang'ana pasikirini nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa a Gwenzi.

"Ngati ndi mphezi, disikiyi sitingaikhulupirirenso," anatero. "Ndiipala yonse kuyambira pansi, ndione malo owonongeka, kenako ndibwezeretse Xenix kuchokera pa tepi imene munasungirapo zonse Lachisanu. Pofika thuu koloko muzigwira ntchito."

"Nanga mbali ya makalata?" anafunsa Hezekiah.

"Imeneyo ilibe tepi. Ipita."

"Ipite," anatero a Gwenzi. "Makalata akale ndiwadya? Yambani, mayi."

Anastasia anatayipa mawu angapo. Makinawo anafunsa ngati akutsimikiza kuti zonse zifufutidwe, ndipo iye anaika chala pamwamba pa batani, osalidina. Anayang'ana Hezekiah cham'mbali.

"Mheni yenyu yakadzidza, sekuru," anatero motsitsa mawu. "Mphezi yopita kusukulu. Yasiya waya, yasiya magetsi, yasankha timizere tiwiri tokha."

Hezekiah anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ana anayi pasukulu, komanso mpando wokhala ndi khushoni umene anaufikira atanyamula zitsulo pabwalo zaka khumi ndi zisanu. Zonsezi anaziganiza, ndipo anachita mantha ndithu. Akanangokhala chete, mphezi ikanasenza mlandu mpaka kalekale, popeza mphezi siitanidwa ku ofesi. Kumaliro akanakanena kuti makina afa, anthu n'kupukusa mitu, a Maliwichi n'kuikidwa ngati munthu wogwa kumwamba. Pamodzi nawo akanapitanso anthu onse aja mazana atatu, ambiri a iwo okalamba oti ukawafunsanso lero mudzi wawo amayamba kulira m'malo moyankha.

"Musadine," anatero. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mphezi ija ndine."

Anafotokoza zonse ataimirira, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu. A Gwenzi sanakalipe msanga. Anayamba avula magalasi n'kuwapukuta.

"Ndiye mukuti makina amene kampani inadikira chaka chonse kuti alowe m'dziko muno, inu mwawasandutsa manda a anthu akwanu?"

"Ambiri ali moyo, bwana."

"Zikomo pondikonza. Malole anga aima masiku awiri chifukwa cha anthu amoyo."

Anastasia anachotsa chala pabatani. Anati ngati ndi dzanja la munthu, ndiye kuti palibe chimene chawonongeka. Zili ngati munthu wazula zikhomo za malire pakati pa mapuloti awiri: nyumba zili chilili, kungoti makina sakudziwa kuti ya uyu ikuyambira pati. Akafufuza pamene mbali iliyonse ikuyambira n'kulembanso manambala ake, zonse zibwerera, ngakhale maoda a Lolemba amene pa tepi palibe. Kungoti ntchitoyo ndi yotenga tsiku.

Maoda a Lolembawo ndiwo anapulumutsa a Maliwichi. A Gwenzi anavomera, natambasula dzanja. Hezekiah anamvetsa, n'kuikamo kiyi wa chipinda cha kompyuta.

"Kuyambira mawa muzikawerenga mafelemu pabwalo. Kumeneko kulibe choti mufufute. Ndipo anthu anuwo atuluke m'makina anga lero lomwe."

Ntchitoyo inalibe chokoma choonera. Manambala ankatsika pasikirini, Anastasia n'kumalemba ena papepala. Kawiri konse anaika nambala yolakwika, makina n'kukana. Hezekiah anakhala pabokosi pakona, nkhomaliro osaikhudza. Itangokwana folo, Xenix inadzuka, akalaliki a maoda n'kuwomba m'manja kuseri kwa khoma. Anastasia sanawalabadire. Anasintha nambala imodzi, nazimitsa, nayatsanso, ndipo DOS nayo inatulukira.

"Ndiyenera kuyesa pirinta ndisanapite," anauza a Gwenzi nkhope ili gwa. "Ndi lamulo la ntchito yathu."

A Gwenzi anatulutsa riboni m'kabati mokhala ngati akuchotsa dzino. Pirinta inalira mphindi makumi awiri, n'kulavula mapepala khumi ndi limodzi. Chinthu chachiwiri chimene inasindikiza chinali kalata yotsitsa Hezekiah paudindo, imene anaitayipa yekha, mopanda cholakwika ngakhale chimodzi.

Anafika ku Zengeza 3 dzuwa lisanalowe. Azibambo anali pamabenchi panja, amayi akuimba m'nyumba. Anaitana Rozina pambali n'kumuonetsa mzere wa bambo ake: Jasper Maliwichi, mudzi wa Kamphata, Dedza, makalata adzere kusukulu ya mishoni. Kumapeto kunali malo a munthu woti adziwitsidwe, ndipo Hezekiah anali atalemba monga mmene mkuluyo ananenera tsiku limenelo.

Rozina anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata zilembo. Anaima, nabwereza.

"Mlongo wanga, Rozina."

M'zaka zake zonse makumi atatu sanamvepo kuti bambo ake anali ndi mlongo, ndipo dzina lakelo ankayesa kuti analitola m'buku la ubatizo.

"Alipo?" anafunsa, ulendo uno m'Chichewa.

"Sindikudziwa, mwanangu. Telegalamu ndiyo ikatiuze."

Rozina anapinda pepalalo n'kulilowetsa m'bulauzi. Ananena kuti kupositi mawa apita yekha, ndipo pansi pa uthengawo asalembepo dzina la sosaiti, alembepo lake.