Pikapu Yobangula ya Bambo

Mzime, yemwe ndi makaniko, anafika kwa makolo ake ndi bokosi la zipangizo mlandu utaweruzidwa kale. Dzulo lake pikapu ya bambo inali itadumpha pongosiya kilatchi n'kukagunda geti, ndipo achimwene ake, anthu osachedwa kugamula nkhani, anali atalanda makiyi.

"Akalamba basi," anatero achimwenewo. "Phazi likumaponda moto iwo osadziwa. Asiye kuyendetsa."

Bambo anali khale pakhonde, chipewa pabondo. Munthu woti wayendetsa malole moyo wake wonse, lero azikambidwa ngati palibepo! Mzime zinamuwawa.

"Bweretsani makiyiwo. Ine galimoto sindiiweruza ndisanaimve."

Atailiza, injini inabangula ngati ikukwera chitunda, chonsecho phazi lake silinakhudze kalikonse.

"Mwamva, achimwene? Phazi la bambo lili pakhonde apo. Ndiye akuponda motowu ndani?"

Achimwene anangodzikanda m'mutu. Mzime anatsegula boneti mosapupuluma. Injini zakale za kabuleta, chipangizo chosakaniza mafuta ndi mpweya, ndi zimene anaphunzirirapo ntchito, ndipo sizinkamudodometsa ngakhale pang'ono. Anakoka waya wa moto n'kuusiya, unabwerera bwinobwino. Anadikira kuti injini itenthe, nasuzumira choki yomwe imachepetsa mpweya injini ikazizira, anapeza yatseguka. Anatsata timapaipi ta mpweya ndi zala, kupinda kalikonse, khutu lili tcheru kumvera ngati pena pang'ambika n'kumayamwa mpweya. Zonse zinali zamoyo.

Kenako maso ake anagwera pa kasikulu kamene kamakweza kapena kutsitsa kaliridwe ka injini galimoto ikaima. Kabuleta yonse inali bii ndi oyilo ndi fumbi, koma mutu wa kasikuluko unali mbee, wokalikakalika ndi sikuludiraiva.

"Bambo, wagwira apa ndani?"

Anachita kubwereza mokweza kuti bambo adzuke n'kubwera.

"Ndine," anatero bambo. "Masiku ano ikangoima imazima. Ndiye ndimakweza pang'onopang'ono mpaka ilire."

Mzime anaseka, mtima utakhala pansi. "Mwaona, achimwene? Si phazi ayi, ndi kasikulu. Ndikatsitsa apa, bambo abwerera pa chiwongolero chawo."

Anapotoza kasikuluko akumvetsera. Injini inatsika, inatsikabe, mpaka inayamba kung'ung'udza mofatsa, osadumphadumpha. Anatseka boneti n'kupukuta manja, akuyang'ana achimwene ake monyada.

Bambo anapukusa mutu. "Waona? Yazimanso. Ndimanena zomwezi ine."

Koma injini inali ikulira. Mzime kunyada konse kunamuthera, chisoni chinamugwira. Anali atapeza vuto, inde, koma silinali la sikuludiraiva: linali m'makutu mwa bambo.

Anatenga dzanja la bambo n'kuliika pa boneti. Chitsulo chinkanjenjemera m'chikhatho mwawo. Bambo anaima choncho nthawi yaitali, akuyang'ana dzanja lawolo.

"Ikulira?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ikulira, bambo."

"Chilirire chomwechi masiku onsewa?"

Mzime anangogwedeza mutu.

"Ndiye mnzanga akandiimbira hutala pamsewu, ndingaimve bwanji?" Anachotsa dzanja lija pang'onopang'ono. "Zimitsa, mwanangu, mafuta angathe."