Chilembo Chotsiriza cha ku Brazil

Anthu a ku Nangongwe ankati Lighton Mbewe anazungulira mutu tsiku lomwe fakitale inawachotsa ntchito. Anzake anatsegula timagolosale, ena anabwerera ku Chipata. Koma iye, katswiri wa zamagetsi amene anagwira ntchitoyo zaka makumi awiri, anakoka waya wautali kuchokera padenga mpaka pa mtengo wa bulugamu, n'kumati akumvera kutsidya kwa nyanja yamchere. Ankamuseka poyera, ndipo zinkamuwawa.

Sikuti ankalota ayi. Mkulu wina wa ku Brazil, mnzake wa m'makalata wokonda mawayilesi odzipangira, analonjeza kutumiza dzina la siteshoni yake m'bandakucha kwa masiku atatu. Mafunde ake anali otsika kwambiri, ofooka, osamveka ndi khutu. Ankangooneka ngati timadontho ndi timizere toyera pa kompyuta yakale, ndipo chilembo chimodzi chinkatha mphindi khumi. Zilembozo zinali zisanu ndi chimodzi. Chikasowa chimodzi, anzawo a mawayilesi sakanavomereza kuti wamvadi. Dzuwa likangotuluka, mafundewo ankazimirira.

Tsiku loyamba magetsi anazima. Lachiwiri kunagwa mvula ya ziphaliwali. Lachitatu kumwamba kunayera, timizere tinayamba kubwera. Lighton anakopera chilembo chachisanu. Lero aona, anatero mumtima, onse aja oseka.

Mwadzidzidzi kompyuta yonse inachita mbuu. Kuseri kwa mpanda kunkang'anima moto wabuluu.

Cephas! Mnansi wake amene anagwira naye ntchito zaka khumi ndi zinayi, amene dzulo lomweli analumbira kuti sayatsa makina ake owotcherera zitsulo dzuwa lisanatuluke. Makina amenewo akalira, wayilesi iliyonse mumzere wonse imagontha. Lighton anatuluka wopanda nsapato, anadumpha mpanda, nazula chingwe cha makinawo pakhoma.

"Imwe ba Cephas, ndimwe muntu olo chinyama?" anakuwa. "Ten minutes chabe! Ninakupemphani dzulo monga mwana!"

Cephas anakweza chigoba cha kumaso. Anangoloza pambali ndi mutu.

Pamenepo panaima Elina, mkazi wa Lighton, atagwira wilibala imene ankatengera nsomba zogulitsa kuchokera kumtsinje. Mwendo wa wilibalayo unali utathyoka. Lighton sanamve n'komwe kuti mkaziyo watuluka liti m'nyumba.

"Nine nabauza," anatero Elina. "Benze bakana. Nabakakamiza."

"Iwe, udziba lelo ni tsiku la bwanji?"

"Nidziba, batate ba Joy. Ma boti yafika six. Nikachedwa, bazimai ba ku Lusaka batenga zonse, ise tizadya ma dot yanu. Four years nikusungani, simunanifunsepo olo kamodzi kuti wilibala iyenda bwanji."

Mkwiyo unamugwira Lighton. Anakwiyira Cephas, anakwiyira mkazi wake chifukwa ankanena zoona pamaso pa mwamuna wina, anakwiyira mabwana a masuti amene anagulitsa fakitale ngati mbuzi yodwala. Kum'mawa kunali kutafiira. Chingwe chinali m'manja mwake, ndipo palibe akanamulanda. Akanangochigwira mphindi zisanu ndi zitatu, chilembo chotsiriza chija chikanalowa chokha, dzina lake n'kulembedwa m'magazini a kunja.

Elina sanapemphe. Anawerama, nayamba kumasula chitenje chakale chimene ankayala m'wilibala, n'kuchipinda nkhata kuti akasenze beseni pamutu ulendo wonse wa kumtsinje. Apo m'pamene Lighton anaona kuti tsitsi la pakati pamutu pa mkazi wake linatha kalekale.

Anabwezera chingwe pakhoma mwamphamvu mpaka soketi inang'aluka. Kenako anagwada, nagwira mwendo wa wilibala ndi manja awiri.

"Ochani," anauza Cephas, mano ali gwa. "Muyembekeza chani? Ochani!"