Woyankhira Injiniya

Pa yunivesite ija panalibe munthu wosamudziwa Wailesi. Dzinali anamupatsa chifukwa cha pakamwa pake, poti ankatha kuyankhula ngati munthu aliyense amene wamumva kamodzi kokha. Ankatsanzira mphunzitsi wa masamu mpaka kachifuwa kake kouma kaja, mayi wogawa chakudya ku kafeteriya, ngakhale kulira kwa geti la ku hositelo. Za maphunziro ake tisakambe, tingamuchititse manyazi mwana wa eni ake.

Mnzake wogona naye chipinda chimodzi ankatchedwa Injiniya, dzina limene amayi ake anamupatsa asanaone n'komwe khomo la kalasi. Anali woyamba kubanja kwawo kufika pa yunivesite, ndipo abale onse anali atamukwera kale pamsana kudikira kuti awaolotse.

M'chaka chachitatu Injiniya anayamba kugona. Osati tulo taulesi tija timatidziwa tonsefe, todzuka nato fungo la chakudya likamveka ayi. Ankagona atayang'ana kukhoma, makatani ali chitsekere, dzuwa lili paliwombo. Chakudya chimene Wailesi ankamubweretsera chinkauma pa tebulo.

"Aise, ukandiyankhire," anatero Injiniya m'mawa wina osatembenuka.

Pa sukulu ija wojomba kwambiri sankaloledwa kulemba mayeso, ndiye aphunzitsi ankaitana mayina m'holo yodzaza thothotho, maso ali pansi. Ophunzira ankayankhirana. Chimenecho ndiye chinali chikondi, ndipo wokana kuyankhira mnzake ankaonedwa ngati mfiti. Wailesi anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Dzina la Injiniya likatchulidwa, kumbuyo kunkamveka mawu aakulu odekha aja: "Ndilipo!" Ntchito inamukomera moti anayamba kufunsa ndi mafunso omwe m'mawu a mnzakeyo, mpaka mphunzitsi wina anauza kalasi yonse kuti itengere chitsanzo cha Injiniya, mnyamata wochangamuka.

Kenako inabwera nkhani ya foni. Amayi ake a Injiniya akaimba, iye ankangoiyang'ana mpaka idzidula yokha. Tsiku lina anaikankhira kwa Wailesi.

"Sindingathe, aise. Angouzidwa kuti ndili bwino."

Wailesi anakonza pakhosi. "Amayi! Ife kuno tili bwinobwino, kaya inu kumeneko?"

Anacheza nawo mpaka foni inatentha. Anawaseketsa, anafunsa za mwendo wawo wovuta uja, analonjeza kuwamangira nyumba ya mawindo aakulu. Amayi aja anati, "Masiku ano ukuseka, Injiniya wanga. Kale unkangoti ee, ayi, ngati mawu ndi ogula. Sukuluyo yakukonza ndithu." Wailesi anamva kukoma, ndipo kuyambira pamenepo foniyo inali ntchito yake.

Masana ena Injiniya anatulutsa nsapato zake zachikopa zimene amalume ake anamugulira, zomwe sankalola ngakhale ntchentche kuterapo.

"Tenga. Sindizifunanso."

Wailesi anazilandira ndi manja awiri. Anaona ngati ndi malipiro a ntchito yake, ndipo kunena zoona anaona kuti achedwa nawo.

Ndiye inafika Sabata Yosamalira Maganizo. Abale, munthu ukanati kukubwera mfumu ya dziko lina! Nsalu zolembedwa zinapachikidwa mtengo uliwonse. Anagawa malaya olembedwa kuti YANKHULA pachifuwa, koma anaperewera, ndipo anthu anatsala pang'ono kuthyolana mano polimbirana. Bwana wamkulu wa sukuluyo anauza khamu m'holo kuti m'nthawi yawo kunalibe zoterezi, anthu ankangolimba mtima, komabe aliyense wovutika maganizo abwere, khomo lawo ndi lotsegula. Khomo lakelo linali ndi mlonda panja ndi masekeretale awiri mkati. Atajambulitsa akumwetulira, anakwera galimoto n'kumapita. Ofesi ya uphungu nayo anaiika moyang'anizana ndi mzere wa ku kafeteriya, kuti wolowamo aonedwe ndi sukulu yonse mbale zili m'manja. Ophunzira ankaitchula kuti kwa amisala, ndipo ankailambalala ngati manda.

Gulu la zisudzo linapatsa Wailesi gawo la wophunzira wovutika maganizo. Sanavutike ndi kukonzekera. Anagona pa siteji atayang'ana kukhoma, n'kumayankha ndi mawu otsika aja: "Ndilibe njala. Ndangotopa basi." Anthu anaseka. Ataona kuti zikuyenda, anawonjezera za m'mutu mwake: anavula nsapato, n'kupatsa mnzake wa m'sewero uja akuti, "Tenga, sindizifunanso," kenako anayendayenda ndi sokosi zobooka zala zili pamtunda. Holo yonse inagwa nako kuseka, ena mpaka misozi.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Anali mayi mlangizi, mwini ofesi yolambalalidwa ija, amene tsiku lonse anamukhazika kumapeto kwa tebulo kuti azisunga maluwa. Anamupeza Wailesi kuseri kwa siteji akumanga zingwe za nsapato.

"Sewero lija walemba ndani?"

"Zambiri n'za m'mutu mwangamu, mayi," anatero akudzikuza.

"Ndi zogawa nsapato zomwe?"

"Ndimayang'anitsitsa anthu, mayi. Ndi luso."

"Luso lilipodi. Koma munthu akasiya kudya, n'kuyamba kugawa zinthu zimene amazikonda, nthawi zina amakhala akutsanzika. Wamuona kuti munthu ameneyu?" Anayang'ana pansi. "Nsapato wavalazo zikukukhwepa."

Wailesi anaseka, koma kusekako sikunatuluke bwino. "Ndi za mnzanga wa m'chipinda. Koma ali bwino, mayi, amangokonda tulo."

"Aphunzitsi ake sanadabwe kuti sakuoneka?"

"Amayankha kalasi iliyonse."

"Nanga kwawo?"

"Amayankhula nawo pafoni, mpaka amawaseketsa."

"Iyeyo?"

Wailesi anachita mantha amene anali asanawamvepo. Aliyense amene akanafunsa kuti Injiniya ali kuti, iye anali atamuyankha kale kuti alipo.

Anathamanga. Nsapato zija zinkavuka njira yonse, mpaka anazinyamula m'manja n'kukwera masitepe a hositelo ndi sokosi zake zobooka, ndipo ena amene anaonera sewero anamuombera m'manja poganiza kuti likupitirira. Anakankha chitseko.

Injiniya anali atakhala pa bedi. Koma chipinda chinali chosesedwa, mabuku ake atamangidwa bwinobwino ndi chingwe, zovala zake zitapindidwa pa bedi la Wailesi. Likanakhala dzulo lake, Wailesi akanathokoza kuti mnzake wachira ulesi.

"Wabwera msanga, aise," anatero Injiniya. "Malayawo ndi ako."

Mayi mlangizi anafika ali wefuwefu, anapempha malo, n'kukhala pa mpando wa pa tebulo. Sanalalike. Anadzitchula kuti ndi ndani, anafunsa za tulo ndi za chakudya, kenako anafunsa molunjika funso limene nsalu zonse za m'mitengo zija zinalizemba: "Kodi wakhala ukuganiza zochotsa moyo wako?"

Injiniya anayang'ana khoma lake nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

"Zikomo pondiuza," anatero mayiyo. "Amenewa ndi matenda, ndipo amachizika. Lero sukhala wekha. Tipitira limodzi kukaonana ndi dokotala, koma ndikufunanso wina wakwanu adziwe."

Ngati kuti yamva, foni inalira pa tebulo. Anali amayi ake. Injiniya anaikankhira kwa Wailesi monga mwa masiku onse, ndipo Wailesi naye anakonza pakhosi asanaganize n'komwe. Anadzigwira, n'kuyankha ndi mawu akeake, opyapyala ngati a mwana.

"Amayi, ndine mnzake wa m'chipinda. Mwana wanu sali bwino."

"Mnzake uti? Iwe, usandiyese chitsiru! Akuba mafoni ndimakudziwani. Mwana wanga ndayankhula naye dzana, amaseka. Mupatse foni yake!"

Wailesi anakweza mawu a foni kuti onse amve, n'kuiika m'dzanja la Injiniya.

"Amayi," anatero Injiniya ndi mawu osasa, ouma, a munthu amene wakhala nthawi yaitali osayankhula. "Ndine."

"Nawenso ndiwe ndani? Mulipo angati kumeneko? Ndati ndipatseni mwana wanga!"

Wailesi analakalaka nthaka itang'ambika. Ntchito anaigwira bwino kwambiri moti mayi wobereka anakana mawu a mwana wake. Akanatha kukonza zonse pompo, ndi "Amayi!" mmodzi yekha wosangalala uja, ndipo Injiniya anamuyang'ana momupempha kuti atero. Wailesi anaphimba pakamwa pake ndi dzanja n'kupukusa mutu.

Injiniya anayandikitsa foni kukamwa. "Amene mumaseka naye uja si ine, amayi. Ine ndine uja wa ee ndi ayi. Ndatopa, amayi. Sindikutha."

Pafoni panamveka kupuma kwa munthu amene wakhala pansi mwadzidzidzi, ndipo mawu atabweranso, dzina la Injiniya munalibemo.

"Mwana wanga," anatero. "Usadule. Ndikuvala, ndikubwera. Uziyankhula choncho, ngakhale ee ndi ayi yemweyo."

Wailesi anaika nsapato zija pansi, pafupi ndi mapazi a mwini wake, n'kuyamba kumasula zingwe.