Nambala Imodzi, Nyumba Khumi ndi Ziwiri

"Chotsani dzanja pa waya ameneyo, ba Obed!"

Ambuya Ursula anali atakoka kale mpando ndi kukhala kutsogolo kwa shelefu, ndodo ili pamiyendo. Obed, wogulitsa nsomba za ku Chanyanya, anaima pakati pa chipinda thukuta lili kamukamu, pepala lili m'manja. Pakhomo panali patadzaza anthu a mu Nangongwe, aja amamva fungo la ndewu msanga kuposa ntchentche.

M'mawa umenewo munthu wina anatumiza uthenga wopanda dzina ku gulu la ogulitsa nsomba, wonena kuti Beatrice, mkazi wa Obed, amapopera mankhwala a mphemvu pa nsomba zouma. Pofika masana palibe anagula ngakhale tinsomba ta kapenta kwa Beatrice. Woyang'anira kompyuta ya gululo atafufuza, anapeza nambala ya intaneti kumene uthengawo unachokera. Inali ya nyumba ya ambuya.

"Nambala iyi ni yanu," anatero Obed. "Bokosi nitenga, iyende ku polisi. Na muzukulu wanu akagone mu selo."

Bokosi la intanetilo, limene linali pa shelefupo, linali la Bridget, mdzukulu wa ambuya, amene ankagawira intaneti nyumba khumi ndi ziwiri zozungulira. Ambuya sanalikondepo. Chinthu chophethira maso usana wonse, chosatopa, sungachikhulupirire. Koma munthu wamantha amamvetsera bwino, ndipo zimene Bridget anawauza tsiku lina anazisunga. Nyumba zonsezo zimatulukira kunja ndi nambala imodzi. Bokosi limavula nyumba iliyonse nambala yake, kuiveka yapakhomo pano, n'kusunga m'mutu kuti watuluka ndani ndipo walowera kuti. Ukangolizimitsa, limaiwala zonse.

"Imwe ba Obed, makalata a mpingo wonse amabwera ku bokosi limodzi la ku positi," anatero ambuya. "Mkristu wina akalemba zotukwana, mumakamanga abusa?"

Pakhomo ena anaseka. Obed anapsa mtima.

"Mwaphunzira liti za makompyuta, ambuya? Na dzina yanu simulemba!"

"Sindilemba, eya. Koma mboni ndimaidziwa. Bokosili ndilo mboni ya mwana wanga. Mukazula waya mwaipha, ndiye mlandu utsala pa ife. Kapena n'zimene mwabwerera?"

Ambuya sanasunthe. Obed anayandikira. Ambuya anakweza ndodo.

"Yambani mwanyamula ine. Ndikuchenjezani, ndine wolemera, ndipo ndimakuwa."

Anakhala chomwecho maola awiri, osapita ngakhale kuchimbudzi, mpaka Bridget, amene mnansi wina anamuimbira foni, anatsika minibasi yochokera ku Lusaka n'kulowa ali wefuwefu. Anatsegula laputopu, nafunsa nthawi imene uthenga unafika, n'kuyamba kutsitsa mizere ya manambala. Chala chake chinaima pa mzere umodzi. Anaukopera pa fulashi, nkhope itagwa.

"Zilipo, ambuya. Kompyuta ya gulu lawo inafikidwa ndi nyumba imodzi yokha m'mawa uno. Si ino."

"Ni ya ndani?" anakuwa Obed. "Kamba!"

"Kamba! Kamba!" anavomereza a pakhomo. Wina anali atatola kale theka la njerwa.

Bridget anatsegula pakamwa, koma ambuya anamugwira mkono mwamphamvu. Nyumba khumi ndi ziwiri zonsezo ankazidziwa, ndipo iliyonse inali ndi ana ogona pafupi ndi zenera.

"Tseka pakamwa, iwe. Dzina silituluka m'nyumba muno."

"Chani? Mubisa mfiti?" anatero Obed.

"Munabwera kudzamanga mwana wanga chifukwa cha nambala. Tsopano mukufuna mukaswe nyumba ina chifukwa cha nambala? M'nyumba mumakhala munthu mmodzi? Mumati za ku polisi. Tiyeni komweko. Beatrice ayeretsedwe ndi anthu ofunsa mafunso, osati ndi njerwa."

Ambuya anadzuka pang'onopang'ono, msana ukulira, natenga fulashi ija m'manja mwa Bridget ndi kuimangirira pa nsonga ya chitenje. Anatulutsa aliyense, nakhoma chitseko kawiri. Kenako analowa mu msewu wa ku boma, Bridget ali pambali. Obed anaima kanthawi akutukwana chapansipansi, kenako anapinda pepala lake n'kuwatsatira.