Makomo Atatu a Choko

A Telala anakhala akusoka pa khonde la sitolo ya zitsulo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo khoma la kumbuyo kwawo ndilo linali kope lawo. Anzawo amalemba miyezo ya makasitomala m'kabuku, koma iwo ankalemba pakhoma ndi choko. Chiuno cha mphunzitsi wamkulu chinali pomwepo, chaka ndi chaka, moti aliyense wodutsa ankatha kuona mmene bamboyo ankanenepera. Mwini sitolo anasiya kalekale kudandaula, poti nayenso khosi lake linali pakhomapo.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi. Anthu a mumsika anamutcha Loya ali wamng'ono chifukwa cha makani, ndiye dzina linamutsatira mpaka anakalowadi sukulu ya zamalamulo. Tsopano anali m'chaka chomaliza. Kunyumba kunali phokoso la mawailesi a anthu oyandikana nawo, choncho masana aliwonse ankabwera pakhondepo, n'kukhala pa thumba la zigamba, n'kumawerenga mokweza. Phunziro lomwe linkamuimitsa mutu linali la katetezedwe ka ufulu wachibadwidwe: m'dziko, m'chigawo, ndi pa dziko lonse. Mafunso ankawalemba pa timakadi, ndipo bambo ake ankatibaya ndi mapini pa kansalu ka pamakina n'kumamufunsa, phazi likupalasa.

A Telala sankakhulupirira chinthu chomwe sichinajambulidwe. Tsiku lina anafufuta miyezo ya anthu omwe anasamuka n'kujambula makomo atatu. La m'munsi analemba kuti Kwathu, kutanthauza maofesi ndi makhothi a m'dziko. La pakati analemba kuti Chigawo, khothi la mayiko oyandikana. La pamwamba anachita kukwera pampando kuti alijambule, analikongoletsa ndi chogwirira, n'kulemba kuti Dziko Lonse. Pakutha miyezi itatu anali atadziwa mapangano ambiri kuposa ophunzira ena, ndipo ankakonda kuwatchula kwa makasitomala omwe angobwera kudzaikitsa zipi.

Panali lamulo limodzi lokha lomwe sankagwirizana nalo.

"Ndiye ukuti munthu sangapite ku khomo la pamwambalo asanagogode la m'munsili?"

"Eya, bambo. Amayamba wayesa kaye njira zonse za kwawo. Zikakanika, kapena akamangomuchedwetsa dala, m'pamene amakwera."

"Zachibwana! Ine ndikafuna nsalu yabwino sindiyambira kwa wogulitsa zigamba."

"Mukanakhala inu m'mayeso mukanalakwa."

"Ndikanalakwa ndili ndi nzeru zanga."

Ankakangana motero pafupifupi tsiku lililonse, ndipo a Telala ankasangalala kwambiri. Chimwalirireni mkazi wawo, panalibenso wina wowayankha mokhadzula chonchi.

Lolemba m'mawa, Loya asanafike, kunabwera kalata yochokera ku ofesi ya msika. Inali ya mizere itatu. Inkati a Telala achoke pakhondepo pasanathe masiku asanu ndi awiri. Chifukwa chake sanalembe. M'munsi munali chidindo chofiirira ndi siginecha ya mkulu wa ofesiyo, yemwe anthu ankangomutcha Bwana Chidindo. A Telala anaiwerenga kawiri. Anayang'ana makina awo, khoma, ndi kadzenje ka pasimenti komwe mwendo wa mpando unakumba m'zaka zonsezi. Munthu wa msinkhu wawo akachotsedwa pamalo, makasitomala samutsatira, amangopita kwa wachinyamata wa patsidya. Anachita mantha, mantha enieni.

Mayeso a Loya anali Lachisanu. A Telala anapinda kalata ija n'kuiika m'kadirowa ka makina, pansi pa maulusi. Mwanayo atafika anamufunsa mafunso ngati masiku onse, ndipo anaseka pamene panafunika kuseka.

Ofesi ya msika inali pafupi, munthu akanatha kupita n'kubwera simbi isanazizire. Koma a Telala akaganiza zopitako, manyazi ankawagwira. Bwana Chidindo anali kasitomala wawo. Thalauza zake ankazikulitsa ndi iwo, mwakachetechete, osauza munthu, ndipo chiuno chake chokha ndicho sanachilembe pakhoma pomusungira ulemu. Ndiye lero akakhale pabenchi, chipewa m'manja, kudikira kuti munthu yemweyo awaitane? Nanga akakawauza kuti bwerani mawa, pamaso pa ogulitsa tomato onse? Anakweza maso n'kuona khomo la pamwamba lija, la chogwirira chokongola. Anthu a kumeneko sankawadziwa nkhope, ndipo sakanawaona atakhala pabenchi.

M'mawa wonse wa Lachiwiri sanasoke kanthu. Analemba kalata ya masamba anayi yopita ku komiti ya ufulu wachibadwidwe ya pa dziko lonse. Anatchulamo mapangano awiri, ufulu wogwira ntchito, ndi ulemu wa munthu. Anafotokozanso kutalika ndi kufupika kwa khonde, poti iwo sankatha kunena za chinthu osachiyeza. Atamaliza anaisita ndi simbi yofunda kuti ikafike yosakwinyika.

Lachitatu anapita nayo ku positi ofesi. Mayi wa pakauntala, yemwe anamusokera diresi la ukwati zaka zapitazo, anatembenuza envulopu uku ndi uku.

"A Telala, apa mwangolemba kuti Dziko Lonse. Ndiye galimoto yathu ikaime pati?"

"Iwo akudziwika, mwanangu. Ndi akuluakulu."

"Akudziwika, inde, koma ndikufuna msewu, mzinda, ndi dziko lake. Popanda zimenezo kalatayi ingozungulira n'kubwerera kwa inu nomwe."

Anabwerera ndi kalata yawo m'thumba la jekete. Adiresi inali m'mabuku a Loya, koma mabukuwo anali okhuthala ngati njerwa ndipo mwanayo sankawasiya. Panjira anaganiza nzeru, ndipo anadziona kuti ndi ochenjera kwambiri.

Masana Loya atakhala pa thumba lake, a Telala anazula kakadi kamodzi n'kukayang'ana ngati akuwerenga.

"Funso. Tiyerekeze kuti pali telala wina."

"Limenelo sindinalembe ine."

"Mayeso sauza munthu zomwe abwere nazo. Tamvera. Telala wina, wa dziko lina, amuuza kuti achoke pamalo pake. Iye akufuna kulembera komiti ya pamwamba ija. Kodi pa envulopu alembe msewu uti?"

Loya anaseka, maso ali pabuku. "Asavutike n'kugula sitampa. Kalata yakeyo akangoitsegula amufunsa kuti kwanu mwayesa kuti? Akati sindinayese, aibweza. Ndipo ngakhale akanailandira, yankho lingatenge zaka."

"Zaka?"

"Zaka, bambo. Iyeyo amupatsa masiku angati?"

"Asanu ndi awiri."

Anayankha msanga kwambiri, ndipo phazi linali litaima. Loya anakweza mutu. Makina a bambo ake sankaima pakati pa msoko, ngakhale kudutse galimoto ya ozimitsa moto. Anawayang'ana nkhope, kenako anayang'ana jekete yomwe inali pamsomali, nsonga ya envulopu ili tuluu m'thumba.

"Telala ameneyo ali ndi mwana?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ali naye. Koma ali ndi mayeso."

Loya anatseka buku. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndizo zinawapweteka a Telala kuposa kukalipa. Anatambasula dzanja, iwo n'kutsegula kadirowa, n'kumupatsa kalata ya mizere itatu ija. Kenako anamupatsanso ya masamba anayi. Anawerenga zonse ziwiri. Atafika pa tsamba lachitatu la kalata ya bambo ake misozi inalengeza m'maso, koma pakamwa pankafuna kuseka.

"Mapanganowa mwawatchula bwino onse. Simunalakwitse ngakhale chaka."

"Ndimamvetsera."

"Ndiye mumamvetsera zonsezi, miyezi itatu, n'kulephera kundiuza ine amene ndimakhala apa, pa thumba ili?"

"Ndimati ukhoze kaye, mama."

"Ndikhoze kuti ndikathandize ndani?"

A Telala anatola kachidutswa ka ulusi pa thalauza lawo n'kumakapota ndi zala. Loya anang'amba pepala m'kope lake, n'kulisanjika pa buku lalikulu lija, n'kulemba kalata yaifupi. Inkapempha zinthu ziwiri zomwe malamulo aakulu a dziko lawo ankalola munthu aliyense kupempha kwa wa ofesi: kuti auzidwe chifukwa molemba, ndiponso kuti amvedwe kaye asanachotsedwe.

"Basi?" anafunsa a Telala. "Yopanda pangano ngakhale limodzi?"

"Khomo la m'munsi silifuna zambiri. Limangofuna kuti munthu afike yekha."

Lachinayi m'mawa anapita onse awiri. Anakhaladi pabenchi, chipewa m'manja, ndipo ogulitsa tomato anawaonadi. Sanafe nazo. Loya anali pambali pawo akuwerenga timakadi take, nthawi ndi nthawi n'kumawagunda ndi chigongono kuti awongole msana.

Bwana Chidindo atawaona anasowa poyang'ana. Anawerenga kalata ya Loya, anatsokomola, n'kuyamba kusakasaka m'mafayilo. Chifukwa chinapezeka: alonda a msika anadutsa sabata yatha n'kulemba onse amene akutchinga njira ya oyenda pansi. Lamulo la msikawo linkati pakhonde pazitsala mamita awiri odutsamo anthu, ndipo dzina la a Telala linali pa mndandanda.

"Anayeza ndani?" anafunsa a Telala. Aka kanali koyamba kutsegula pakamwa.

"Anaona ndi maso, madala."

"Ndi maso? Bwana, ine ndikanamayeza thalauza zanu ndi maso, bwenzi mukuyenda bwanji m'tauni muno?"

Loya anawaponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale. Bwana Chidindo anagwira lamba wake, anayesa kukwiya, kenako anangophulika kuseka. Anatenga fayilo n'kunena kuti tiyeni tikaone.

Pakhonde paja a Telala anavula tepi m'khosi. Anapatsa Bwana Chidindo nsonga kuti agwire pa chipilala, iwo n'kukoka mpaka pa mwendo wa makina. Tepi ya telala ndi yaifupi, choncho anaika chizindikiro ndi choko n'kuyezanso kachiwiri. Panaperewera masentimita asanu ndi anayi. A Telala anayezanso, poti sankadula nsalu asanayeze kawiri, ndipo panaperewerabe omwewo. Sanabise. Ananena nambalayo mokweza.

"Ndiye alonda aja sananame," anatero Bwana Chidindo.

"Sananame," anatero Loya. "Koma chimene lamulo likufuna ndi njira, osati kuti bambo achoke. Akasuntha makina, njira ipezeka."

Onse atatu ananyamula makinawo, wa ofesi akuwefuka, n'kuwakankhira kukhoma. Mpando unatuluka m'kadzenje kake ka zaka zija. Atayezanso panatsala mamita awiri ndi kachala. Bwana Chidindo analemba mawu pa kalata yake ija, n'kutulutsa chidindo m'thumba, poti sankayenda popanda icho, n'kudinda atatsamira pa makina a a Telala. Pochoka ananong'oneza kuti ali ndi thalauza lina lomwe layamba kuthina.

Lachisanu a Telala anasoka tsiku lonse msana uli wogunda khoma, mpando ukugwedera pamalo pachilendo. Kolala imodzi anaisoka mozondoka, chinthu chomwe sanachitepo chiyambire, chifukwa maso ankangothamangira kumsewu. Loya anatulukira dzuwa litapendeka, inki ili m'zala.

"Zayenda bwanji?"

"Funso lachitatu linali lanu lija. La kuyamba kwanu usanakwere."

"Ndiye unalemba zanga kapena zako?"

"Zanga. Zanu zija ndinazisiya, ndimafuna kukhoza."

Anatenga choko pamakina n'kugwada pafupi ndi mpando wa bambo ake. M'munsi mwa khomo la Kwathu munali kamalo, pakati pa mapewa a wometa ndi miyendo ya dalaivala wa basi. Pamenepo anajambula kakhomo kena, kakang'ono, kokhota, kopanda chogwirira.

"Kameneko n'ka chiyaninso? M'buku muja muli atatu okha."

"Aka mulibe m'buku." Analemba pamwamba pake kuti Mwana Wanu. "Tsiku lina zikadzavuta, musadzakwerenso pampando. Mudzayambire apa."

A Telala anakayang'ana kakhomoko nthawi yaitali. Kanali pomwe dzanja lawo linkafika ali chikhalire, osadzuka n'komwe. Anadziwa kuti akayankhula zambiri alira pamaso pa anthu a mumsika.

"Wajambula mokhota," anatero.

"Muwongole."

A Telala anatenga choko, anachigwira m'manja, kenako anachibwezera pamakina osakhudza khoma.