Kagalimoto Kofiira Kuseri kwa Mahema

Nives anakulira pakati pa anthu ovala zoyera, kumapiri a Umbria m'dziko la Ataliyana, m'nyumba yamiyala yomwe alimi anaisiya kalekale. Onse ankadyera pamodzi nyemba ndi buledi wouma, kupemphera dzuwa likamatuluka, ndi kumvera munthu mmodzi, Atate Ermete. Mkuluyu ankalankhula motsitsa mawu, moti aliyense ankachita kuwerama kuti amve. Ndiye analamula kuti ana azigona paokha m'khola lakale la nkhosa, ati mwana si wa mayi mmodzi.

Chilimwe china, Nives asanayambe n'komwe sukulu, Atate Ermete anati gulu lonse litsikire kudambo, kumene kunali chikondwerero cha nyimbo, likakope achinyamata osochera. Amayi ake a Nives, a Loredana, anabereka khanda lawo Tullio kuti azikwera lole.

"Ameneyo atsale," anatero Atate Ermete akumwetulira. "Phokoso lingamugonthetse. Mumupeza pobwera."

Kudamboko anthu anali waa! Anyamata atsitsi lofika m'mapewa, atsikana opanda nsapato, magitala akulira mpaka pansi kunjenjemera, utsi wa chamba uli tolotolo. Ovala zoyera anakhala pansi mozungulira n'kumayimba zawo. Kumbuyo kwawo kunaima Gaspare, chimunthu chosaseka chomwe Atate Ermete sankayenda popanda icho.

Dzuwa lili paliwombo, amayi anauza Gaspare kuti mwana akufuna kukataya madzi. Amayiwo anamugwira dzanja Nives mopweteka n'kumukokera m'chikhamu, kulumpha miyendo ya anthu ogona m'matope, mpaka kuseri kwa mahema. Pamsewu wafumbi panaima kagalimoto kofiira, ndipo pambali pake panali bambo wa jekete, thukuta lili kamukamu. Anali mlongo wawo wa amayi, a Saverio, amene Nives anali asanawaonepo.

"Iwe Loredana, wauma chonchi? Amakudyetsani mphepo kuphiriko? Lowani msanga. Nanga wamng'ono uja?"

"Anamutsalitsa dala, achimwene."

"Ndiye tiyeni kupolisi pompano."

"Apolisi akamafika adzakhala atamusamutsa. Ana awiri anawachotsa chaka chatha, mpaka lero amayi awo sakudziwa kumene ali."

Amayi anamukankhira Nives pampando wakumbuyo n'kumenyetsa chitseko. "Uziwamvera amalume akowa. Ine ndikukatenga Tullio, tikupezani."

Nives atasuzumira pawindo anamuona Gaspare ataima pakati pa mahema awiri, akudya chivwende. Sanathamange, sanakuwe. Anangolavula njere n'kumadikira. Amayi anayenda okha kupita kwa iye, ndipo iye anawaika dzanja pakhosi ngati mnzawo wapamtima, n'kulowa nawo m'chikhamu muja. Amalume anatukwana, analiza galimoto, ndipo Nives analira mpaka kusanza pampando.

Sabata isanathe amalume anakwera kuphiri ndi apolisi. Anapeza zitseko zili pululu, zovala zoyera zikadali pachingwe, mbuzi zikulira ndi ludzu. Munthu analibe.

Nives anakulira kwa amalume ake ku Ancona. Anaphunzira, anakwatiwa, anabereka ana, koma gitala ikalira pawailesi ankatuluka m'nyumba. Tsiku lina ali kukhitchini foni inalira. Anali mwamuna wolankhula Chitaliyana chopindika ngati wokulira kunja. Anati dzina lake ndi Aurelio, koma amayi ake asanamwalire anamuuza kuti poyamba anali Tullio, ndipo ali ndi mlongo wake.

 Nives anakhala pansi pomwepo.

"Uli kuti, m'bale wanga? Ndiuze, ndibwera mawa lomwe."

"Musavutike, achemwali, tibwera ndife," anayankha motsitsa mawu. "Atate Ermete akupereka moni. Amva zoti muli ndi ana, ndiye akufuna awaone."