Utawaleza wa M'mabotolo a Jamu

Make Kadona atatuluka kubafa anapeza mabotolo ake onse ali m'sinki, opanda kanthu. Makeke amene anatha nawo m'mawa wonse anali atakhuthulidwira m'beseni lalikulu, ndipo mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake, anali kalikiliki kuwasalaza pamwamba ndi supuni.

"Alamu, mwatani?"

"Ndakuthandizani," anayankha mlamuyo osacheuka. "Kubwera makolo aulemu wawo kuno. Aone ana awo akudyera m'mabotolo a jamu ngati m'nyumba muno mulibe mbale? Ine manyazi amenewo ayi."

Make Kadona anasuzumira m'beseni muja, thaulo lili paphewa. Kuthandiza kwake kumeneko! Munthu wosadziwa n'kuyatsa uvuni komwe, lero wasanduka katswiri wa makeke.

Ntchito imeneyi si yamasewera. Anaphika makeke opyapyala, iliyonse ndi mtundu wake: yofiira, yachikasu, yobiriwira, yabuluu, yapepo. Atazizira anawadula mozungulira ndi kukamwa kwa tambula, n'kumatsitsira chidutswa chimodzichimodzi m'botolo, kirimu woyera pakati. Kirimu akakhudza galasi ankapukuta ndi kansalu kokulunga pachala, kuti mitundu ioneke bwino kunja. Kukoma kwa keke yotere kumayambira m'maso. Ukaitulutsa m'botolo, watsala ndi phala la mtundu wosadziwika, ndipo ndi limene linali m'beseni lija.

Chomuwawa kwenikweni sichinali msana umene unkaphwanya, koma mwana wake. Kadona anauza anzake kusukulu kuti amayi ake amatha kutsekera utawaleza m'botolo. Anzakewo anamuseka n'kumupatsa dzina loti Wabodza, ndipo dzinalo linamukakamira teremu yonse. Mwanayo anasiya kudya bwino, m'mawa ankadandaula mutu kuti asapite kusukulu. Ndiye make anamulonjeza kuti pa phwando la tsiku lake lobadwa aliyense womusekayo adzagwira botolo lake m'manja, adzaone yekha.

"Mukanandifunsa kaye, alamu," anatero Make Kadona. "Makekewa amadyedwa momwemo, m'botolomo. Ndi mmene amakhalira."

"Amakhalira choncho kwa ndani? Keke ndi keke basi, m'mimba zikasakanikirana ndithu." Mlamuyo ananyambita supuni. "Komanso shuga mwachulutsa."

Mchimwene wake analowa atanyamula mipando. Anayang'ana beseni, anayang'ana mkazi wake, kenako anapeza chochita ndi mwendo wa mpando umene unalibe vuto lililonse.

"Achimwene, simukuona zimenezi?"

"Aa, chemwali, musakulitse nkhani. Ana sasankha. Zikadyeka."

Ameneyo ndiye mwamuna wa m'nyumbamo, wolimba mtima pokhapokha akamakalipira galu. Chibwerereni m'nyumba muno, ukwati wake utatha, Make Kadona wakhala akumeza zambiri. Anameza zomusunthira katundu wake kuchipinda chosungiramo makatoni. Anameza zotchedwa "mlendo wathu" pamaso pa anthu, chikhalirecho ndiye wochapa ndi kukolopa. Koma izi ayi. Lero anena, ndipo anena zonse, ngakhale oyandikana nawo atuluke kudzamvera.

Anaponya thaulo pampando n'kutsegula pakamwa.

Kadzanja kanamugwira chala. Anali Kadona, atavala diresi lake latsopano, riboni ili pendeke. Anali ataliona kale beseni lija. Maso ake anali ofiira koma ouma.

"Amayi," ananong'ona, "musakalipe. Angatithamangitse."

Make Kadona anatseka pakamwa. Mwana wamng'ono chonchi anaphunzira liti zimenezi? Iye ankayesa kuti amabisa bwino, kuti akamaseka nawo patebulo mwanayo saona kanthu. Mlamu uja anamva, koma anangopitiriza kusalaza phala lake, ndipo anayamba kuwazapo timaswiti kuti likongole.

Pageti panamveka phokoso. Ana a kusukulu anali atafika, ndipo sanadikire n'kulandiridwa komwe. Anathamangira pakhomo la khitchini, akukankhana, makosi ali tololo kusuzumira mkati. Patsogolo panali kamtsikana kakatali, kamene kanayambitsa dzina lija.

"Uli kuti utawaleza uja? Tiuone!"

Make Kadona anapita patsogolo kuti afotokoze, kuti awaonetse mabotolo a m'sinkimo, mitundu idakali mbuu m'mbali mwake. Anafuna kuloza ndi chala munthu amene wachita zimenezi. Koma Kadona anali atamusiya kale dzanja. Anayang'ana azakhali akewo, amene tsopano anali ataimitsa supuni n'kumudikira kuti anena chiyani. Kenako anaima pakati pa anzakewo ndi beseni, nakonza riboni yake.

"Kulibe," anatero mokweza, kuti onse amve. "Ndinkangonama."